Chithunzi chikatuluka tisathamangire kugenda wojambulidwa

Loweruka masana Karonga United ikamasewera pakhomo, kubwalo la Karonga kumakhala fumbi koboo. Anyamata a njinga za kago amatuta anthu kuchokera kumsika ndi kudepoti, ena amachita kukwera minibasi kuchokera ku Uliwa, Nyungwe, Kaporo ngakhalenso kuchipata cha Songwe. Wochemerera wa masiku ano salowa m'bwalo chimanjamanja. M'thumba mwake mumakhala foni, ndipo foniyo ili ndi kamera. Chigoli chikalowa, mphindi zisanu sizitha kanema wake asadafike kwa mbale yemwe ali ku Johannesburg.

Liwiro lomwelo ndi limene chimayendera chithunzi cha munthu ali mbulanda. Ndipo wojambulidwayo akakhala wosewera mpira wodziwika, kaya wamiyendo kaya wa ntchemberembaye, chithunzicho chimathamanga kuposa chigoli. Zotsatira zake tonse timazidziwa. Pamjigo, pachigayo ndi pabawo funso limakhala limodzi: adavuliranji? Kawirikawiri palibe amene amafunsa kuti adachitulutsa ndani. Kenaka akuluakulu a timu amakumana mwachangu, n'kugamula kuti wosewerayo ayambe waima kaye "pofuna kuteteza mbiri ya timu". Wofalitsa uja amakhala ali phee, mwinanso ali pagulu lomwelo la ochemerera, akuseka nawo.

Ife tikuti kaweruzidwe kotere nkopotoka, ndipo makolo, makomiti a matimu komanso olemba anthu ntchito akuyenera kukaunikanso mwana wawo asadagwe m'mbunayi.

Amene mumaonera mpira wakunja m'mashowu a kanema dzina la Karim Benzema si lachilendo. Koma ndi angati akukumbukira Mathieu Valbuena? Mkuluyu adali katswiri wapakati m'timu ya dziko la France ndipo adaisewerera maulendo 52. Tsiku lina adapereka foni yake kwa munthu wina kuti amusamutsire zinthu zake kupita m'foni yatsopano. Munthuyo adapezamo kanema wa kuchipinda, n'kumukopa. M'chaka cha 2015 anthu adayamba kumuimbira Valbuena kumuopseza kuti akapanda kugwirizana nawo kanemayo amutulutsa. Iye sadapereke ndalama, adapita kupolisi. M'mwezi wa Okotobala chaka chomwecho, timu ya dzikolo ili kukampu ku Clairefontaine, Benzema adamutengera pambali n'kumulimbikitsa kuti akumane ndi mnzake wina yemwe ati akadathetsa nkhaniyo. Pa 24 Novembala 2021 khoti la ku Versailles lidapeza Benzema wolakwa pamlandu wothandizira chiwembu chofuna kulanda ndalama moopseza. Lidamupatsa chilango cha chaka chimodzi koma osakalowa m'ndende, ndi chindapusa cha mayuro 75,000.

Tsono tamvani mmene zidathera kumbali ya ntchito. Onse awiri adaphonya mpikisano wa Euro 2016 omwe udachitikira kwawo komweko. Benzema adaitanidwanso m'timu ya dziko lake m'mwezi wa Meyi 2021, mlandu usadazengedwe n'komwe, ndipo mu 2022 adalandira mphotho ya Ballon d'Or. Valbuena, yemwe adaberedwa chinsinsi chake, yemwe adachita zoyenera popita kupolisi, sadavalenso yunifolomu ya France kuchokera mu Okotobala 2015. Mphunzitsi wa timu angathe kunena kuti msinkhu udakwana kapena kuti kudabwera achinyamata ena aluso. Mwina n'zoona. Koma wosewera wachichepere amene amatsata nkhaniyi adaphunzirapo chinthu chimodzi chowawa, chakuti ukadandaula ndiwe amene umatsala panja.

Ngati izi zidachitikira mwamuna wotchuka, wandalama zake, wokhala ndi maloya, nanga mtsikana wa timu ya ntchemberembaye ya pa Nyungwe zingamuthere bwanji?

Tisadapitirire, tiyankhe amene ayamba kale kung'ung'udza kuti tsamba lino layamba kuikira kumbuyo chiwerewere. Ayi ndithu. Kholo lili ndi ufulu wonse womulangiza mwana wake kuti kudzijambula uli chibadwire n'kusewera ndi moto, ndipo ifenso tikulangiza chimodzimodzi. Abusa, ansembe ndi mashehe ali ndi mawu awo pankhaniyi ndipo awanene. Komatu munthu akaiwala kukhoma chitseko, mbava n'kumubera matumba a mpunga wa Kilombero, timamudzudzula kuti ngosasamala, koma amene amanjatidwa unyolo ndi wakubayo. Sitidamvepo mwinimpunga akuchotsedwa ntchito kaamba koti adaberedwa.

Nkhani yonse yagona pa kuvomera, ndipo kuvomera kuli ndi malire ake. Mnzako akakubwereka njinga kuti ukafike pa Lupembe sadakuloleze kukaigulitsa ku Kyela. Mayi amene watumizira mwamuna wake chithunzi, mwamunayo ali kukampu kapena akusewera mpira ku Mozambique miyezi isanu ndi umodzi osabwera kumudzi, wavomera kuti munthu mmodzi achione. Sadavomere kuti achione alamu ake, anzake a mwamunayo kapena gulu lonse la WhatsApp la ochemerera timu. Chikondi chikatha chilolezo chija sichikula, chimatha nacho limodzi. Choncho mwamuna amene wakanidwa n'kutulutsa zithunzi pofuna kubwezera asamanamizire kuti "adandipatsa yekha". Adakupatsa kuti usunge.

Koma nkhaniyi ili ndi nkhope ina, ndipo pamenepa wosewera ndiye amakhala wolakwa. Tim Paine adali kaputeni wa timu ya kiriketi ya dziko la Australia, udindo omwe kumeneko amaulemekeza kwambiri. Adaulandira mu 2018 timuyo ili m'manyazi aakulu pambuyo pogwidwa ikuchita chinyengo pamasewero ku Cape Town, ndipo iye ndiye amaoneka ngati wodzatsuka mbiri yake. Pa 19 Novembala 2021, kutatsala masabata ochepa kuti akumane ndi England, adatula pansi udindo akugwetsa misozi. Zidadziwika kuti mu 2017 adatumiza mauthenga olaula ndi chithunzi cha kumaliseche kwake kwa mayi wina yemwe amagwira ntchito kubungwe la Cricket Tasmania, komwe iyenso amasewera. Paine adati zonse zidachitika mogwirizana. Mayiyo adati chithunzicho sadachipemphe. Chomvetsa chisoni n'chakuti bungwe loyendetsa masewerowa m'dzikomo lidafufuza nkhaniyi mu 2018, n'kugamula kuti palibe lamulo lomwe lidaswedwa, n'kuikwirira. Itaphulika patatha zaka zitatu, wapampando watsopano wa bungwelo adavomera kuti akadakhala iwo sakadagamula motero. Mayi uja atapita kukhoti, dandaulo lake lidakanidwa mu 2022 poti ati adalipereka mochedwa.

Zofanana ndi izi zidachitikanso ku America, komwe Brett Favre, katswiri wa mpira wa kumeneko, adanenedwa kuti mu 2008 adatumiza zithunzi zotere kwa Jenn Sterger, yemwe amagwira ntchito kutimu yake ya New York Jets. Bungwe la NFL lidati silidapeze umboni wokwanira woti adatumiza ndi iye, koma mu Disembala 2010 lidamulipitsa madola 50,000 chifukwa chosathandiza ofufuza. Kwa munthu wolandira mamiliyoni pachaka imeneyo idali ndalama ya mchere. Dzina lomwe lidatsala m'kamwa mwa anthu ndi la mayiyo.

Mukuona kusiyana kwake? Valbuena adachitiridwa chipongwe. Pankhani ya Paine ndi Favre, amene adadandaula ndi anthu omwe adati adalandira zomwe sadazifune, ali pantchito, kuchokera kwa munthu wamphamvu kuposa iwo. Tsoka lake ife zonsezi timaziponya m'dengu limodzi n'kulembapo kuti "zolaula", ndiye chilango chimagwera aliyense amene thupi lake laoneka, kapena amene ali wofooka. Mphunzitsi wa timu kapena mkulu wa komiti amene amatumizira mtsikana wosewera zithunzi za thupi lake usiku, mtsikanayo akudziwa kuti mkuluyo ndiye amasankha osewera Loweruka, sakufunsira chibwenzi ayi. Akugwiritsa ntchito mpando wake. Mtsikanayo akakhala chete, kapena akayankha ndi kachizindikiro koseka, si umboni woti wavomera. Akuteteza malo ake m'timu, mwinanso fizi yomwe timuyo imamulipirira.

Kwa anansi athu ku Uganda zidafika poseketsa, kukadapanda kukhala komvetsa chisoni. M'chaka cha 2014 zithunzi za woimba Desire Luzinda zidamwazidwa, iye n'kuloza chala bwenzi lake lakale. Nduna yoona za chikhalidwe panthawiyo, Simon Lokodo, idati amene amangidwe ndi woimbayo, pansi pa lamulo loletsa zolaula lomwe lidali litangokhazikitsidwa chaka chomwecho. Mayi wochitiridwa chipongwe ndiye adapepesa kumtundu wonse. Mu Ogasiti 2021 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo lidathetsa zigawo zikuluzikulu za lamulo limenelo.

Tisaseke a ku Uganda. Ife tomwe mu Januwale 2012 tidaona amayi akuvulidwa m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu kaamba kovala mathalauza ndi masiketi aafupi. Ndipo m'bwalo la zamasewero momwemo muli chilonda chomwe sitidachipoletse. M'chaka cha 2021 Tabitha Chawinga, mwana wa kwa anansi athu ku Rumphi, adauza nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain kuti ali ndi zaka 13 adakakamizidwa kuvula pamaso pa anthu kuti atsimikize kuti ndi mtsikana, poti amasewera bwino mopitirira muyeso. Adatinso zidachitikanso ku Lilongwe akusewerera DD Sunshine. Ameneyu ndi mtsikana yemwe pambuyo pake adamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense muligi ya amayi ya ku Italy ali ku Inter Milan, n'kuchitanso chimodzimodzi ku France ali ku Paris Saint-Germain, asadapite ku Lyon mu 2024. Mng'ono wake Temwa adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse muligi ya amayi ya ku America mu 2024. Tangoganizani mafoni a kamera akadakhala ali m'thumba la aliyense tsiku lomwe Tabitha amavulidwa lija. Mtima omwe udauza akuluakulu aja kuti thupi la mwana wosewera mpira ndi la aliyense wofuna kuliona ndi womwewo umene umatiuza kuti chithunzi cha wosewera tikhoza kuchitumiza kwa mnzathu popanda kulakwa.

Malamulo alipo, ngakhale ali ndi mipata. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, kuphatikizapo mauthenga ake, ndipo gawo 19 limateteza ulemu wake. Lamulo la 2016 loona za zochitika pa intaneti, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limati wogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta kuvutitsa mnzake ndi mawu kapena zopempha zolaula, kapena kumuopseza, akhoza kulipa K2 miliyoni ndi kukaseweza zaka zisanu. Wosokoneza mtendere ndi chinsinsi cha mnzake mobwerezabwereza akhoza kulipa K1 miliyoni ndi kukhala m'ndende miyezi 12. Lamulo la 2013 la Gender Equality Act limaletsa kuvutitsa munthu ndi mawu, zizindikiro kapena zochita zokhudza kugonana zomwe iye sakuzifuna, ndipo chilango chake ndi K1 miliyoni ndi zaka zisanu. Chithunzi chosapemphedwa chija chimagwera pamenepa. Lamulo lomweli limafunanso kuti malo antchito akhale ndi ndondomeko yolandirira madandaulo otere, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission lidaonetsa mu 2021, pofufuza madandaulo a amayi ogwira ntchito ku MBC, kuti lamuloli lili ndi mano.

Mpata uli apa. Lamulo la 2016 lija silitchula mwachindunji mlandu wofalitsa chithunzi cha munthu popanda chilolezo chake, pomwe gawo 179 la Penal Code loletsa zinthu zolaula silifunsa kuti adavomera ndani, adakana ndani. Akatswiri a malamulo Sarai Chisala-Tempelhoff wa kuno kwathu ndi Monica Twesiime Kirya wa ku Uganda adachenjeza kale mu 2016 kuti malamulo oletsa zolaula amatha kuluma wochitiridwa chipongwe yemweyo. N'chifukwa chake mtsikana amaopa kupita kupolisi, kuopa kuti akalowa ngati wodandaula n'kutulukamo ali woimbidwa mlandu. Dziko la South Africa lidatseka mpata umenewu posintha lamulo lake la Films and Publications mu 2019. Aphungu a m'boma la Karonga akafuna nkhani yoti akaiyankhule ku Nyumba ya Malamulo kupatula ya milatho ndi makuponi, nayi.

Pali malo amodzi pomwe palibe zokambirana. Wojambulidwayo akakhala kuti sadakwanitse zaka 18, ndi mwana, ndipo kupanga, kusunga kapena kutumiza chithunzi chake chotere ndi mlandu wa K10 miliyoni ndi zaka 15 kundende pansi pa lamulo lomwe lija la 2016. Matimu ambiri a m'maboma, makamaka a atsikana, ndi odzadza ndi ana a sukulu za sekondale. Bambo amene chithunzi chotere chafika m'foni mwanu n'kuchisunga kuti mukaonetse anzanu kumowa, dziwani kuti mwasunga mlandu m'thumba.

Tibwere kuntchito, poti kuno kwathu mpira ndi ntchito zidalukana. Osewera ambiri a Moyale Barracks, Kamuzu Barracks, Mafco, Red Lions ndi Chilumba Barracks ndi asilikali, ndipo ambiri a Blue Eagles ndi Blue Eagles Sisters ndi apolisi. Kwa iwowa manyazi a pabwalo amafika mpaka pamalipiro ndi panyumba yomwe banja likukhalamo. Kwa mnyamata wa timu ya pamudzi, mpira ndiwo khomo lotulukira. Boma lino laona Baka City ikulawa ligi yaikulu mu 2024, Songwe Border United mu 2025, ndipo mwana aliyense wothamangitsa chikulunga ku Ngerenge kapena ku Wovwe amalota zomwezo. Kumuimitsa wosewera chaka chimodzi ali ndi zaka 21 n'kumudula miyendo, chifukwa zaka zosewera mpira n'zowerengeka.

Lamulo la zantchito la 2000, Employment Act, pagawo 57 limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ndiponso asadapatsidwe mpata wodziteteza. Wochotsedwa mopanda chilungamo akhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya paboma kapena kukhoti la Industrial Relations, lomwe kuchigawo cha kumpoto lili ku Mzuzu. Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende lamuloli siliwakhudza poti ali ndi malamulo awoawo a mwambo, komabe gawo 43 la malamulo aakulu limati aliyense amene akuweruzidwa ndi ofesi ya boma amvedwe mwachilungamo ndi kupatsidwa zifukwa molemba. Tsono funso lomwe komiti iliyonse ikuyenera kudzifunsa ndi ili: kodi khalidwe loipa lomwe tikulanga ndi liti? Ngati wosewera adajambula ali kwake, ndi munthu wamkulu mnzake, mogwirizana, wina n'kuba kapena kumwaza, wosewerayo sadalakwire timu. Timu ndiyo ili naye ngongole yomuteteza, kumuperekeza kupolisi, ndi kuletsa ochemerera ake kumuimba nyimbo zachipongwe. Koma ngati wosewera, mphunzitsi kapena mkulu wa komiti ndiye adatumiza zosapemphedwa kwa mnzake wapantchito, kapena ndiye adamwaza za mnzake, ameneyo alangidwe ngakhale atakhala womwetsa zigoli wamkulu, ngakhale mawa kuli ndime yotsiriza ya chikho. Apa ndi pomwe makomiti athu amagwa mphwayi, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Tikudziwa kuti othandiza matimu ndi ndalama amaopa manyazi, ndipo wamalonda amene dzina la sitolo yake lili pamalaya a timu ali ndi mawu. Koma wamalonda yemweyo ali ndi ana aakazi. Akafotokozeredwa bwino kuti wosewerayo ndi wochitiridwa chipongwe, ambiri amamva. Vuto ndi lakuti makomiti safotokoza, amangothamangira kulemba kalata yoimitsa munthu kuti nkhani izizire.

Mabungwe a FAM, NAM, Sulom ndi Malawi National Council of Sports aonetsetse kuti ndondomeko zotetezera osewera zisathere m'mafayilo a ku Blantyre ndi Lilongwe. Zifike kumatimu a m'maboma, m'Chikyangonde, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, ndipo zinene momveka kuti wodandaula apite kwa yani ngati wolakwayo ndi mphunzitsi kapena wapampando yemweyo. Osewera ambiri a m'maligi aang'ono amasewera popanda pepala lililonse losainirana, kotero kuti akathamangitsidwa alibe pogwira. Timu iliyonse ya atsikana ikhale ndi mayi wamkulu wodalirika yemwe sadya nawo za komiti.

Kwa inu makolo, tsiku lomwe mwana wanu adzabwere akulira kuti chithunzi chake chili m'mafoni a anthu, mkwiyo udzabwera, ndipo n'zomveka. Koma mwanayo adzakhala atatukwanidwa kale ndi tawuni yonse, ndipo pakhomo panu ndi pokhapo patsala. Ana ena zoterezi zikawagwera amaganiza zodzichotsera moyo. Musamusiye yekha usiku umenewo. Musafufute mauthenga, chifukwa ndiwo umboni, ndipo woopseza musamupatse ngakhale K500, poti akalandira kamodzi amabweranso. Pitani naye ku Victim Support Unit kupolisi, kapena imbani mwaulere pa 5600, nambala yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena pa 116 ngati ali mwana. Ankhoswe ndi mafumu akhoza kuthandiza kuyanjanitsa mabanja, koma mlandu wotere si wothera pa nkhuku kapena mbuzi.

Ndipo inu achimwene amene mumakonza mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemori pamsika wa Karonga, pa Uliwa ndi pa Songwe, anthu amakusiyirani mafoni awo osakhoma chifukwa amakukhulupirirani. Ambiri mwa inu mumagwira ntchito yanu mwaulemu, timadziwa. Foni ya Valbuena idadutsa m'manja ngati anuwo. Amene adakopa kanema uja khoti la ku Versailles lidamugamula kuti akakhale kundende zaka ziwiri.